MBIRI YA CAIRO ROAD NDI MASITOLO ACE

 Lero tikamba mbiri ya mseu umodzi wa mu mzinda wa Lusaka, wochedwa Cairo Road. Ndi mseu waufupi ndithu, pakuti utali wace ungopitirira pang'ono mailosi imodzi, kucokera pa mphambano yozungulira ya Kafue kum'mwera kufikira pa ya Kabwe kumpoto. Komatu kwa zaka pafupifupi 90 mseu umenewu ndiwo unali phata la malonda a mzinda wonse, kotero kuti munthu akati ndapita ku tauni, anali kunena za pomwepo. Kuyambira m'caka ca 1999 ogula a ndalama zambiri akhala akukopedwa ndi misika yatsopano ya kum'mawa kwa mzinda, ndipo akulu a Boma, eni masitolo ndi ogulitsa a m'makonde akhala akutsutsana za njira yotsitsimutsira mseu wakalewu. Mtsutso wotere suli ku Lusaka kokha. A ku Blantyre audziwa pa Victoria Avenue, a ku Harare audziwa pa First Street. Cifukwa cace n'koyenera kuti tione kumene mseuwu unacokera, pakuti sing'anga wanzeru ayamba wafunsa mmene nthenda inayambira asanakumbe mankhwala.

Mseu wobadwa ndi njanji

M'caka ca 1905 njanji yocokera ku Livingstone inali kulowera kumpoto, kulinga ku migodi ya Broken Hill, kumene tsopano ticha Kabwe. Omanga njanjiyo anali kuika popatukira sitima pa mtunda uli wonse wa mailosi 20, ndipo pena pa malo otere panagwera kufupi ndi mudzi wa nyakwawa Lusaaka. Mudzi wa mfumuyi unali ca ku Manda Hill, pafupi ndi pamene pali Nyumba ya Malamulo lero. Malo a siteshoniwo sanasankhidwe kaamba ka ubwino wace. Anangokwana pa muyeso wa mailosi. Panali pa cidikha ca miyala ya njereza, pamene madzi akhala pafupi pansi pa nthaka, ndipo dzinja likafika asowa kolowera.

Alimi a Cizungu, ambiri a iwo Mabunu, anatsegula minda mozungulira, nayamba kufika pa siteshoni ndi ngolo za ng'ombe zodzala ndi cimanga. Pamene pakomana ngolo ndi sitima, wamalonda sacedwa kufika. Masitolo oyamba anandanda kumadzulo kwa njanji motsatana nayo, ndipo njira ya patsogolo pao ndiyo inasanduka Cairo Road. Mtaliyana wina, dzina lace Marrapodi, anayamba nchito yoocha njereza, ndipo dzina lace likali pa komboni ya Marapodi kufikira lero. M'caka ca 1913 kamudziko kanapatsidwa bungwe lokayang'anira, ndico cifukwa cace Lusaka anakondwerera zaka 100 m'caka ca 2013. Dzina la mseu linacokera ku cilakolako ca Cecil Rhodes ca njira imodzi yocokera ku Cape Town kufikira ku Cairo.

Bvuto lalikulu la bungwe loyambalo linali madzi. Mvula ikagwa mseu unali kusanduka dambo, ngolo n'kumatitimira m'matope, kotero kuti anakumba ngalande yaikulu pakati peni peni pa mseu. Musunge nkhani ya madziyi, pakuti tikomana nayonso kutsogoloku.

Likulu pa citunda, malonda m'cidikha

M'caka ca 1931 Boma la Northern Rhodesia linatsimikiza zosamutsa likulu lace kucokera ku Livingstone, kumene kunali kotentha ndiponso kumalire a dziko, kudza nalo ku Lusaka. Katswiri wa ku London, Professor Stanley Adshead, ndiye anajambula mapulani oyamba, ndipo likulu latsopano linatsegulidwa m'caka ca 1935. Maofesi a Boma ndi nyumba ya Bwanamkubwa sanazimange m'cidikha muja. Anazimanga pa citunda ca Ridgeway, kum'mawa kwa njanji, kouma ndi kopita mphepo.

Aka kanali koyamba kuti citukuko catsopano cilambalale Cairo Road. Wina akadayesa kuti masitolo nao akwera citunda kutsata maofesi, koma sanakwere. Katundu anali kutsikira pa siteshoni, alimi anali kufikira pomwepo, ndipo makomboni ambiri a anchito anakula kumadzulo ndi kum'mwera kwa tauni. Kalaliki wa pa Ridgeway akalandira malipiro anali kutsika yekha kudzagula. Apa mbiri itiphunzitsa cinthu coyamba: sitolo ikhala pamene papita mapazi a anthu, ndipo nyumba yokongola payokha siisuntha.

Wogula wa pa zenera

Koma eni mapazi ambiriwo sanali kulandiridwa bwino. M'masiku a utsamunda masitolo ambiri a Azungu sanali kulola Mwafrika kulowa pa khomo. Anali kuima panja, pa kazenera ka m'mbali, nalandira cimene wogulitsa wamsankhira. M'mabuchala ndimo zinali zowawa koposa, pakuti nyama inali kubwera yokulunga kale, mwini ndalama osaiona. Amene anafuna kugwira nsalu ndi manja ace, kunenerera mtengo ndi kulandira mbasela anali kupita kwa Amwenye, makamaka ku Kamwala, kumene Boma linapatula kuti kukhale malonda a gulu laciwiri.

M'caka ca 1954 cipani ca African National Congress, motsogozedwa ndi Harry Nkumbula, cinauza anthu a m'Lusaka kuti aleke kugula m'mabuchala, ndipo m'caka ca 1956 kunyanyalako kunafika ku masitolo enanso. Anthu anaima pafupi ndi makomo kukumbutsa anzao, ndipo malonda anagwa. Pamenepo eni masitolo anaona m'mabuku ao kuti makobiri a munthu wa pa zenera uja ndiwo anali kusenza gawo lalikulu la sitolo. Mazenerawo anayamba kutsekedwa, makomo natseguka. M'caka ca 1960 panakhazikitsidwa lamulo loletsa kusankha mtundu m'nyumba zodyera ndi za kanema, ndipo m'caka comweco Lusaka analandira ulemu wochedwa mzinda.

Masitolo a Boma

Ufulu utabwera pa 24 October 1964, miseu iwiri ya kumbuyo kwa Cairo Road inalandira maina atsopano, Cha Cha Cha Road ndi Freedom Way, koma Cairo Road anasunga lace. Zaka zoyambazo zinali za cuma, popeza mkuwa unali pa mtengo wabwino. Pa 19 April 1968, pa msonkhano wa ku Mulungushi, President Kenneth Kaunda analengeza kuti Boma litenga magawo 51 pa 100 ali onse m'makampani akuluakulu oposa 20, ndipo ena a iwo anali eni masitolo aakulu. Motero munabadwa masitolo a Boma, amene akulu akali kukumbuka maina ao, monga ZCBC, Mwaiseni ndi NIEC. Colinga cinali cakuti phindu la malonda likhale m'manja mwa eni dziko, ndi kuti mitengo ya zinthu zofunika ikhale yoti wosauka aifikire. M'zaka zotsatira nyumba zosanja zinamera m'mbali mwa mseu, ndipo yaitali koposa, Findeco House ya nsanjika 23, inatha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970.

Koma pofika caka ca 1975 mtengo wa mkuwa unali utagwa, pamene wa mafuta a galimoto unali utakwera, ndipo ndalama zakunja zoitanitsira katundu zinasowa. Mashelefu anayera. Amai anali kulawira tambala woyamba kukaima pa mzere wa ufa, shuga, sopo kapena mafuta ophikira, nthawi zina n'kubwerako cimanjamanja. Katundu yemweyo anali kupezeka panja pa mtengo wowirikiza, m'manja mwa anyamata amene anthu anawacha amishanga, cifukwa anali kugulitsa fodya ndudu imodzi imodzi. Wogula uja amene anacoka pa zenera ndi kulowa pa khomo anadzapeza kuti m'katimo mulibe kanthu. Tizindikire bwino apa kuti malonda a pa khonde sanayambe cifukwa ca mwano wa anthu. Anakula pa nthawi imene sitolo inalephera nchito yace. Mu June 1990, mtengo wa ufa utakwera kuposa kawiri, m'Lusaka munabuka zipolowe; masitolo anafunkhidwa, ndipo anthu oposa 20 anafa.

Ogulitsa m'makonde ndi misika ya makono

M'caka ca 1991 Frederick Chiluba ndi cipani ca MMD anapambana pa cisankho. Boma latsopano linatsegula malire kuti katundu alowe mwaufulu, nagulitsa makampani a Boma. Akale anati walira mvula walira matope. Mashelefu anadzaladi, mizere inatha, koma anthu zikwi zambiri anacotsedwa nchito, ndipo acinyamata otsiriza sukulu analibe kolowera. Onsewa anapita kumene kunali ogula, ndiko ku makonde a Cairo Road, Cha Cha Cha ndi Freedom Way, ndi zobvala za salaula, zimene a ku Malawi aziti kaunjika, ndi zipatso, nsapato ndi ziwiya. Timasitolo ta matabwa ndi mapepala, tochedwa tuntemba, tinadzala pali ponse.

M'caka ca 1995 kampani ya Shoprite ya ku South Africa inatsegula sitolo yace yoyamba ya m'Zambia pa Cairo Road pomwepo, m'nyumba imene kale inali sitolo ya Boma. M'caka ca 1996 President Chiluba anakhazikitsa ofesi yoona za ogulitsa m'miseu ku State House. Msika waukulu wa City Market unatsegulidwa m'caka ca 1997, koma ambiri sanafune kulowamo, ponena kuti m'katimo muli msonkho koma ogula apita kunja. Mu April 1999 apolisi anagwetsa tuntemba ta pakati pa mzinda, napirikitsa eni ace.

Caka comweco ca 1999 ndico cinasintha mbiri ya mseuwu, pakuti pa Great East Road panatsegulidwa Manda Hill, msika waukulu wa masitolo ambiri pa malo amodzi, wa mtundu umene eni mzinda aucha mall. Unatsatidwa ndi Arcades m'caka ca 2003, Levy Junction m'caka ca 2011, ndi East Park pa malo a Yunivesite ya Zambia, ndi ina yambiri. Aka kanali kaciwiri kuti citukuko cilambalale Cairo Road, ndipo ulendo uno masitolo aakulu anatsatadi.

Kodi cinasiyana n'ciyani ndi caka ca 1935? Coyamba, wogula wa ndalama tsopano anali ndi galimoto, ndipo katundu anali kubwera pa malole, osati pa sitima. Siteshoni inataya mphamvu yace. Caciwiri ndico cofunika kucimvetsa. Msika wa makono uli ndi mwini mmodzi, amene ayang'anira zonse pamodzi: poimika galimoto, alonda, nyali, zimbudzi, osesa, ngakhale nthawi yotsekera, imene ifika usiku ndi pa Sabata pomwe. Wogula akafika salipira katundu yekha, alipiranso mtendere umenewo. Cairo Road ali ndi eni ambiri, yense ndi nyumba yace, koma khonde, ngalande ndi nyali za panja zilibe mwini weni weni kupatula Khonsolo ya mzinda, imene ndalama zace zakhala zocepa poyerekeza ndi kukula kwa mzindawo. Cimene cili ca onse cisowa wocisesa. Makampani ambiri anasamutsira maofesi ao kum'mawa, ku Rhodes Park, Longacres ndi Kabulonga, ndipo masitolo ena aakulu a m'tauni anagawidwa timagawo ting'onoting'ono togulitsiramo mafoni ndi zobvala.

Komabe tisanamizidwe kuti mseu unafa. Pa kalembera wa 1963 anthu a m'Lusaka sanafike 200,000; pa wa 2022 anapitirira 2 miliyoni. Ocuruka a iwo alibe galimoto. Mabasi ocokera ku Matero, Chawama, Mtendere ndi makomboni ena atsitsira anthu pa Kulima Tower, pa City Market ndi pa masiteshoni ena a pakati pa mzinda, ndipo a ku Kanyama ndi Chibolya angoyenda pansi. Bank of Zambia ndi Positi Ofesi yaikulu zikali pa Cairo Road. Mapazi sanacepe, anacuruka kuposa kale lonse. Cimene cinacoka ndi wogula wa galimoto, ndipo cimene sicinamangidwe ndi zosowa za wogula wa pansi.

Mankhwala awiri amene anayesedwa

Mankhwala oyamba anali kumanga nyumba yaikulu yoti ibweze wogula wa ndalama. Society House, imodzi ya nyumba zosanja za pa Cairo Road, inapsa m'caka ca 1997, nikhala ciimire yakuda ndi mwaye zaka zoposa 10, ngati cipsera pa nkhope ya mzinda. Pambuyo pace inakonzedwa ndi ndalama za bungwe la penshoni la NAPSA, nisanduka Society Business Park, yokhala ndi masitolo, maofesi ndi poimika galimoto, ndipo hotela ya Hilton Garden Inn inatsegulidwamo m'caka ca 2018. Ambiri anayembekeza kuti mseu wonse udzuka nayo. Koma m'caka ca 2024 eni ace anauza onse ocita lendi kuti aturuke, cifukwa akatswiri anakayika kulimba kwa mbali ina ya nyumbayo. Ngakhale isanatsekedwe, nyumba imodzi sikadatha kucotsa madzi a m'ngalande za mseu wonse. Momwemonso milatho ya pamwamba pa miseu, imene inamangidwa pakati pa 2018 ndi 2021, inathandiza oyenda pa galimoto, koma woyenda pansi pa Freedom Way sanapindule nayo kweni kweni.

Mankhwala aciwiri anali kupirikitsa. Ogulitsa amene anacotsedwa m'caka ca 1999 anabwerera pang'ono pang'ono. Kumapeto kwa 2011 President Michael Sata analamula kuti asiyidwe agulitse. Mu July 2017 City Market inapsa, ndipo amalonda ambiri anataya katundu ndi malo ao. Mu October caka comweco kolera inabuka, nigwira anthu oposa 5,000 m'Lusaka. Mu January 2018 asilikali anasesa miseu ndi kucotsa ogulitsa onse, ndipo ku Kanyama kunacitika cipolowe. Sipanapite nthawi yaitali, makonde anadzalanso. Mu July 2023 Boma linawacotsanso. Maiko anzathu anayenda njira yomweyi. Ku Zimbabwe kunali Murambatsvina mu May 2005, imene nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, inawerengera kuti inalanda anthu pafupifupi 700,000 nyumba kapena popezera cakudya. Ku Malawi ogulitsa anacotsedwa m'miseu ya Blantyre ndi Lilongwe mu April 2006. Konseko, patapita nthawi, anthu anabwerera. Madzi saiwala khwawa, ndipo wogulitsa saiwala pamene papita wogula.

Tisaweruze mlanduwu mokondera. Mwini sitolo ali ndi dandaulo loona: alipira lendi, laisensi ndi msonkho, koma pa khomo pace pakhala wina wogulitsa zomwezo mochipa wosalipira zonsezo, ndipo wogula asowa popita. Boma nalo lili ndi mantha oona, pakuti cakudya cogulitsidwa pamene palibe madzi osamba m'manja cifalitsa nthenda. Komatu gwero la kolera ya m'Lusaka lili m'nthaka ija tinaichula poyamba. M'makomboni monga Kanyama zitsime zosaya ndi zimbudzi zokumba zili pa mwala umodzi wa njereza, wa ming'alu, ndipo mvula ikagwa madzi a zonse ziwiri asanganizika. Miyezi yowerengeka cicotsedwere ogulitsa mu 2023, kolera inabukanso koposa kale; pofika pakati pa 2024 inali itagwira anthu oposa 20,000 m'dziko lonse ndi kupha oposa 700, ndipo bwalo la mpira la National Heroes linasanduka cipatala. Madzi amene anamiza ngolo za ng'ombe ndi omwewo amene adzala pa Kulima Tower dzinja likakula. Kupirikitsa munthu kutheka usiku umodzi, koma ngalande ifuna zaka ndi ndalama, ndipo cifukwa cace kawirikawiri isiyidwa.

Njira ina, ya ku Durban

Kuti tione ngati pali mankhwala acitatu, ticoke ku Lusaka pang'ono tipite ku Durban, ku South Africa. Kumeneko kuli malo ochedwa Warwick Junction, pamene pakomana siteshoni ya sitima, mabasi ndi mataxi. Akatswiri anawerengera kuti papita anthu pafupifupi 460,000 pa tsiku, ndi kuti ogulitsa ace ali pakati pa 5,000 ndi 8,000. Tsankho litatha, malowo anali auve ndi oopsa monga makonde ali onse opanda mwini.

Pakati pa zaka za m'ma 1990 Khonsolo ya Durban inayamba nchito yokonzanso malowo. Inaika ofesi ya nchitoyo pakati pa msika pomwepo, m'nyumba yakale yosungiramo katundu, kuti wogulitsa asabvutike kupeza woyankha dandaulo lace. Mmodzi wa otsogolera anali katswiri wa mapulani a nyumba, Richard Dobson. Anayamba ndi kusesa ndi kutsegula ngalande. Kenaka anakhala pansi ndi gulu liri lonse la ogulitsa palokha, kufunsa cimene nchito yao ifuna. Ogulitsa mankhwala a zitsamba, amene anali kugona m'mbali mwa mseu kulonda katundu wao, anapatsidwa milatho ya mseu waukulu imene inasiyidwa yosatha, ndipo pamenepo panakhala msika wa denga. Amai ophika mitu ya ng'ombe anamangiridwa pophikira pokhala ndi madzi ndi ngalande yocotsa mafuta. Panamangidwa zimbudzi, mipopi ndi mosungira katundu usiku, ndipo ogulitsa eni ace anapanga magulu osesa ndi olonda akuba.

Citukuko catsopano cinafikanso kumeneko. M'caka ca 2009, pokonzekera mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa 2010, Khonsolo inafuna kupereka malo a Early Morning Market, msika wa ndiwo ndi zipatso umene unayamba m'caka ca 1910, kuti pamangidwe msika wa makono. Ulendo uno sanafunse bwino eni malonda, ndipo safunsa anadya phula. Ogulitsa anakana kucoka, natengera nkhaniyo ku bwalo la milandu, ndipo m'caka ca 2011 Khonsolo inaleka maganizo ao. Sitinena kuti ku Warwick mabvuto anatheratu. Koma kumeneko kunaoneka kuti malo a malonda angathe kukhala audongo osacotsapo anthu amene aapatsa moyo.

Zimene mbiriyi itisiyira

Tibwerere tsono ku Cairo Road. Kanai konse m'mbiri yace munthu woyenda pansi waonedwa ngati cobvuta: anamuimika pa zenera, anamuimika pa mzere, anamlambalala ndi miseu ya galimoto, ndipo anampirikitsa pa khonde. Koma ndiye yemweyo amene anasunga masitolo pamene likulu linakwera citunda, ndiye anatsegula makomo ndi kunyanyala kwace, ndipo ndiye watsala pamene a magalimoto anapita kum'mawa. Wofuna kutsitsimutsa mseuwu ayambe ndi iye.

Kwa eni masitolo, kupikisana ndi msika wa makono pa magalasi ndi nyali ndi kutaya ndalama cabe. Mphamvu ya sitolo ya m'tauni ili pa zimene msika waukulu sucita: kugulitsa pang'ono pang'ono monga mwa thumba la wogula, monga acita a m'makomboni ndi timapaketi ta ufa tochedwa pamela, kukonza cinthu coonongeka m'malo mouza munthu kuti agule cina, kupikulitsa kwa amalonda ocokera ku maboma akutali, ndi kudziwa wogula pa dzina lace. Ndiponso ogulitsa ambiri a pa khonde apikula katundu wao m'masitolo omwewo, kotero kuti awiriwa adya m'mbale imodzi ngakhale atukwanizana. Cimene msika wa makono upambana naco ndi mwini mmodzi. Eni nyumba za mseu umodzi angathe kudzipangira mwini woteroyo mwa kugwirizana, kusonkha mwezi ndi mwezi ndalama za alonda, nyali ndi osesa, ndi kulankhula ndi Khonsolo ndi mau amodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa a Khonsolo, nchito yoyamba ndi ija anaiyamba a bungwe la 1913: ngalande zotseguka mvula isanagwe. Pambuyo pace mipopi, zimbudzi zokwanira khamu limene litsika m'mabasi, ndi kucotsa zinyalala tsiku ndi tsiku. Msika watsopano umangidwe pa njira imene anthu apita kale, pakati pa siteshoni ya basi ndi masitolo, pakuti womangidwa kuseri udzakhala wopanda anthu ngakhale ukhale wokongola. Pamene khonde liri lalikulu, palembedwe malire oonekera, ogulitsa alembedwe maina ndi kulipira msonkho wocepa wokhala ndi risiti, ndipo msonkhowo uoneke nchito yace pa mseu womwewo. Ndipo ogulitsa nao adziwe kuti wopatsidwa malo wapatsidwanso tsache. Khomo la sitolo ndi njira ya oyenda ziyenera kukhala zotseguka.

Inu omvera a ku Limbe, a ku Ndola, a ku Bulawayo ndi a m'matauni ang'ono, yang'anani mseu wa masitolo wa kwanu. Werengani anthu amene apitapo pansi m'mawa umodzi, ndipo muwerengenso mipopi ndi zimbudzi zimene awaikira. Mukapeza kusiyana kwa ziwerengero ziwirizo, mwapeza poyambira nkhani pa msonkhano wa Khonsolo yanu.